Galu wa pakhomo akatuluka chotupa kapena akatsekula m'mimba

Galu amatchedwa wa abambo, koma womukokotera m'poto ndi mayi. Choncho akadwala, woyamba kuona ndinu: mkute munamuikira uja uli pomwepo, iye wabindikira kuseri kwa nkhokwe, kapena pakhonde pamene anagona pali timadontho ta magazi.

Galu wamkazi akafuna wamphongo amadontha magazi masiku owerengeka n'kusiya. Koma ngati sakusiya, kapena wodonthayo ndi wamphongo, muyang'aneni kumaliseche. Mukapeza chotupa chofiira, chonyenyeka, chotuluka magazi chikangokhudzidwa, mwina ndi khansa imene madokotala a ziweto amaitcha TVT. Khansa imeneyi ndi yachilendo chifukwa imapatsirana. Agalu akamakwerana, tizidutswa ta chotupacho timachoka mwa wina n'kukamera mwa mnzake, monga mmene timawokerera mbande. Kwa munthu siifika, musaope.

Ena amapakapo oyilo wakuda wa galimoto, ena phulusa, ena amangoti galuyu watha n'kumupha. Chonsecho khansayi ndi imodzi mwa zimene zimamva mankhwala msanga. Dokotala amabaya vincristine mumtsempha kamodzi pa sabata, kawirikawiri kwa masabata 4 mpaka 6, ndipo agalu ambiri amachira. Ife anamwino timawadziwa bwino mankhwalawa: ndi amodzi mwa amene amapatsidwa kwa ana odwala khansa ya Burkitt, ija yotupitsa nsagwada kapena mimba. Ndipo amachokera m'kaduwa kochokera ku Madagascar, ka maluwa apinki kapena oyera, kotchedwa periwinkle, kamene ambiri mwabzala m'mbali mwa nyumba.

Wina ati, basi, ndikathyole masamba ndiwiritse. Ayi amayi. Mankhwala ali m'tsambamo ndi ochepa kwambiri, ndipo akadzera pakamwa sagwira ntchito. Chimene galu angapezepo ndi poizoni wa chomeracho. Ngakhale jakisoniyo si wobaya aliyense, pakuti akaphonya mtsempha amawotcha mnofu n'kusiya bala. Zitsamba sindizinyoza, taonani vincristine wachokera komweko, koma pakati pa tsamba ndi botolo pali muyezo, ndipo muyezowo sungaupeze mumphika.

Chotupa cha m'mabere a galu wamkazi n'china. Pafupifupi theka la zotupazi zimakhala khansa yofalikira, ndipo chofunika ndi opaleshoni chikadali chaching'ono. Kufula wamphongo ndi kutseketsa wamkazi akadali wamng'ono kumachepetsa mavuto onsewa. Yambirani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli Blantyre SPCA.

Za m'mimba zokha, pakhomo pali zambiri zimene mungachite. Galu wamkulu amene watsekula koma akuyenda ndi kumwa, muikireni madzi abwino pafupi. Mudyetseni pang'onopang'ono mpunga wofewa kapena phala, ndi kanyama kowiritsa kopanda mafuta, ndi dzungu lophika. Msuzi wa ndiwo zathu musamupatse, chifukwa anyezi ndi adyo amawononga magazi a galu ndi mphaka. Mafupa a nkhuku yophika amathyoka ngati singano n'kulasa matumbo. Ndipo chonde, mabotolo a mankhwala athu akhale athu. Mbulu umodzi wa Panado ungaphe mphaka, ndipo Brufen amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso.

Kagalu kakang'ono sikodikira nako. Kakamasanza, kufooka, ndi kutsekula zamagazi zonunkha kwambiri, ganizirani parvo, matenda amene amatha kukapha m'masiku awiri kapena atatu chifukwa chotha madzi m'thupi, monga zimachitikira ndi mwana wakhanda. Katemera wake amayamba kagalu kakakwana masabata 6 mpaka 8. Galu wamkulunso amene watsekula masiku awiri osasintha, kapena wotupa mimba, apite kwa dokotala.

Galu woonda, wa ubweya woyoyoka, wotuwa m'kamwa, nthawi zambiri ndi njoka za m'mimba. Apa nkhani yafika pa ana athu, chifukwa mazira a njokazo amatsala m'dothi limene ana amakwawapo ndi kuumbira zidole. Mwetsani galu mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse, kwirirani ndowe zake, ndipo ana asambe m'manja asanadye.

Pali vuto lina looneka ngati la chakudya pamene si la chakudya. Galu akamatuluka dovu, kukamwa kuli yasa, akulephera kumeza ngati fupa lamuima pakhosi, musapisemo dzanja kuti mulichotse. Chiwewe chimabweranso chotere, mwakachetechete, galu osalusa konse. Mutsekereni, ana atalikire, muitane a ziweto. Ngati wakulumani, kapena malovu ake akhudza bala, tsukani ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.