Nyumba Isanagwe, Mudzi Ufunsidwe

Mwa anthu amene amagula ndi kugulitsa pa Chiwamba masiku ano, si onse amene akumbukira kuti dzina la malo awo linalowa kale m'mbiri ya dziko lino. Pakuti m'chaka cha 1902, mzinda wa Lilongwe usanalotedwe n'komwe, ansembe a chipani cha White Fathers, motsogozedwa ndi Bambo Mathurin Guillemé, anayamba mishoni yawo pomwepo, ndipo ngakhale m'chaka chotsatira anasamukira ku Likuni, mbiri siingafafanize kuti phazi lawo linaponda pa Chiwamba poyamba. Chomwechonso munthu akayenda kuchoka ku Nambuma, kudzera ku Kabudula ndi Nsaru, kufikira ku Namitete kumene chipatala cha St Gabriel chinatsegulidwa mu 1959, adzaona matchalitchi, sukulu, nyumba za aphunzitsi ndi mabwalo a milandu zimene makolo athu anaumbira njerwa ndi manja awo, zina zili chiimire, zina zitang'aluka makoma. Funso limene lativuta ndi ili: tsiku limene nyumba yotere iti igwetsedwe kuti pamangidwe yatsopano, wonena mawu otsiriza ndani?

Lamulo loteteza zinthu zakale lilipo. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Monuments and Relics Act mu 1990, ndipo lamuloli limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti malo kapena nyumba yakutiyakuti ndi chikumbutso cha fuko, kotero kuti palibe angaigumule kapena kuisintha popanda chilolezo. Ndi chitetezo chotere chimene chaimika Mandala House ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, mu mzinda wa Blantyre. Komatu mu mzinda womwewo, m'masiku a Dr Kamuzu Banda, nyumba zimene zinayesedwa zonyazitsa mzinda zinkalembedwa nyenyezi yofiira pakhoma, chizindikiro chakuti zigwe. Ndipo phunziro lake ndi lakuti nyumba yakale imakhala kapena kufa monga mwa mawu a olamulira a nthawi yake. Nanga ngati zili chomwecho m'tauni, kumene kuli maso ambiri ndi nyuzipepala, kuli bwanji sukulu ya kumudzi imene dzina lake silinalembedwe m'kaundula wa zikumbutso? Iyo mtetezi wake ndi khonsolo ya boma la Lilongwe ndi anthu okhala pamalopo, basi.

Tsono tiyeni tione m'mene ntchito ya chitukuko imayenera kuyendera, pakuti wosadziwa njira sangadziwe pamene mnzake wapatuka. Chosowa cha anthu chimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kukwera ku ADC, imene imasonkhanitsa midzi ya mfumu yaikulu imodzi, kenaka n'kufika ku khonsolo, kumene makhansala amavomereza ndondomeko ya ntchito ndi ya ndalama. Ntchito ikavomerezedwa, lamulo la kagulidwe ndi katayidwe ka katundu wa boma la mu 2017, limene linabala bungwe la PPDA, linalamula kuti kontrakitala asasankhidwe m'chibisibisi: ntchito yaikulu ilengezedwe kuti ofuna apikisane pa tenda, yaing'ono ifunsidwe mitengo kwa anthu angapo, ndipo wopambana akhale wolembetsedwa mwalamulo ngati womanga. Ndalama sizimayenera kutuluka zonse tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono, mkulu woona za zomangamanga atatsimikiza kuti gawo lakutilakuti latha, ndipo zina zimasungidwa kufikira zitaoneka kuti khoma silinang'ambike ndiponso denga silidontha.

Pali mbali ina imene ambiri saiganizira, ndipo ine ndimaiyesa yaikulu. Lamulo lomwelo silinanene za kugula kokha, komanso za kutaya. Nyumba ya boma ikagwetsedwa, malata ake, mitanda, zitseko, mafelemu ndi njerwa zake sizisanduka za mwini ngolo amene wafika msanga, ngakhale za kontrakitala, ngakhale za mkulu wina aliyense. Zikhalabe chuma cha anthu onse, choyenera kuwerengedwa, kulembedwa, ndi kugulitsidwa kapena kugwiritsidwa ntchito poyera. Chifukwa chake kugumula ndi kumanga ndi mlandu umodzi, ndipo amene afunsa mtengo wa chipinda chatsopano ayeneranso kufunsa kumene kwapita denga la chakale.

Kuti anthu a kumudzi amaopa kufunsa, sitingawadzudzule kwambiri, chifukwa anazolowezedwa kukhala opanda owaimirira. Lamulo la maboma aang'ono linabwera mu 1998, makhansala anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala, kufikira chisankho cha mu 2014. M'zaka zimenezo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, limene linayamba mu 2006, linakula pansi pa mthunzi wa aphungu, mwakuti mlatho kapena chipinda cha sukulu zinayamba kutchedwa mphatso ya munthu mmodzi, pamene ndalama zake ndi misonkho ya mlimi wa fodya, wa mtedza ndi wa chimanga. Ndipo wolandira mphatso safunsa mtengo. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakadandaula, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo, ndi kulowerera kwawo pa kayendetsedwe ka thumbali, zikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pakuti wopanga malamulo ndi kuyang'anira ena sayenera kukhalanso wogwira ndalama zimene iye mwini akuyang'anira.

Sindinena kuti nyumba iliyonse yakale isungidwe. Chipinda chimene khoma lake likuopseza moyo wa ana chiyenera kugwa, ndipo kholo limene mwana wake aphunzirira pansi pa mtengo nthawi ya dzinja lili ndi chifukwa chomveka chofunira chatsopano. Chimene ndikana ndi kugumula kopanda kufunsa, pakuti madzi akatayika saoleka; ndipo kawirikawiri malo a sukulu kapena a mishoni ndi otakasuka, moti chatsopano chingathe kumangidwa pambali, chakale n'kukonzedwa kukhala mosungira mabuku kapena mochitira misonkhano.

Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo lero kufunsa kuli ndi lamulo kumbuyo kwake, popeza kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani likugwira ntchito. A mu ADC ya ku Chiwamba, a ku Mpingu kapena a ku Nsaru angathe kulembera bwanamkubwa kupempha kuona dzina la kontrakitala, mtengo wa ntchito, tsiku loimaliza ndi mndandanda wa zipangizo. Angathe kupempha khansala wawo kuti nkhani ya nyumba yakale ikambidwe pa msonkhano wa khonsolo ndi kulembedwa m'maminitsi. Ndipo ngati mafumu ndi akulu a mpingo aona kuti nyumbayo ili ndi mbiri yoyenera kusungidwa, alembere a dipatimenti yoona za zinthu zakale kuti adzaione okha, kontrakitala asanatsitse lata loyamba.