NSAPATO ZA SUKULU: YESANI PHAZI MUSANATULUTSE NDALAMA

Mwezi wa Januwale ukamayandikira, m'masitolo ndi m'misika ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi mumadzaza makolo ofunafuna mayunifomu, mabuku olembamo ndi nsapato za ana. Ciyambire caka ca 2022, pamene Boma linathetsa malipiro m'masukulu ake kufikira Giredi 12, ana ambiri a kumidzi abwerera ku maphunziro. Koma kugula nsapato ikali nchito ya makolo, ndipo m'mabanja ambiri nsapato ndico cobvala codula koposa cimene mwana ali naco. Kholo likalakwitsa pogula, mwana amavutika caka conse.

Taganizirani mwana amene sukulu yake iri pa mtunda wa makilomita 5. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 10 pa tsiku. Pa masabata 13 a cigawo cimodzi ca sukulu, mwanayo amayenda makilomita 650, kuposa mtunda wocokera ku Chipata kukafika ku Lusaka. Ndiponso cigawo coyamba cimagwa pakati pa dzinja, njira ziri matope okhaokha. Nsapato ikang'ambika mwana amabwerera ku mapazi, ndipo phazi losabvala ndilo khomo la matekenya ndi njoka zina za m'mimba zimene zimalowera pakhungu ndi kucepetsa magazi.

Kodi tsono nsapato yopirira ulendo wotere tikaigule kuti? Malo odziwika ndi atatu, ndipo onse ali ndi ubwino ndi kuipa kwake.

Oyamba ndi masitolo a nsapato a m'matauni, monga a Bata. Kampani imeneyi inayambira mu mzinda wa Zlín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, m'caka ca 1894, ndipo iri ndi fakitale mu Lusaka. Nsapato zake za sukulu zochedwa Toughees makolo ambiri amazidziwa. Ubwino wa sitolo yokhazikika ndi wakuti masaizi amakhalapo motsatana, mwana amakhala pansi ndi kuyesa mosathamangitsidwa, mumalandira lisiti, ndipo mukabwerako sabata yamawa sitoloyo mudzaipeza pomwepo. Cobvuta ndi mtengo, kuwonjezapo ndalama ya ulendo wopita ku boma.

Aciwiri ndi a salaula. Munthu wodekha akhoza kutolako nsapato ya cikopa ceniceni pa mtengo wotsika. Koma nsapato imeneyo inaumbika kale pa phazi la mwana wina. Itembenuzeni muone cidendene: ngati cinadyeka mbali imodzi, idzapendeketsa mwana wanu poyenda. Ipindeni ndithu, cifukwa mphira wa pansi pa nsapato zina zokhalitsa m'mabelo umanyenyeka ngati cikondamoyo, ndipo polishi wambiri amabisa ming'alu. Manambala nawonso amasokoneza, popeza nsapatozi zimacokera m'maiko osiyana. Nambala 33 ya ku Ulaya imafanana pafupifupi ndi saizi 1 ya kuno.

Acitatu ndi amalonda oyendayenda amene amayala nsapato zatsopano zonyezimira m'mbali mwa msewu ndi pa masiku a msika. Ameneŵa amatifikira pafupi ndipo mtengo umakambika. Koma zambiri mwa nsapato zao ndi za pulasitiki wopakidwa ngati cikopa, zongomata ndi guluu. Mvula ikazilowa kangapo zimayasama kutsogolo, wogulitsa ali kale ku boma lina. Nsapato yochipa imene muigula katatu pa caka yadula kuposa ija munaithawa m'sitolo.

Pa malo atatuwa, oyenera ndalama zanu ndi amene akulolani kucita zinthu ziwiri: kuyesa bwino, ndi kubweza ngati pali colakwika. Funsani zimenezi musanafunse mtengo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Poyesa, mwana abvale masokosi a sukulu, ndipo aimirire, pakuti phazi limatambasuka likasenza thupi. Nthawi yabwino ndi masana, mwana atayendako, cifukwa mapazi amatupa pang'ono dzuwa likamapendeka. Ayese nsapato zonse ziwiri, popeza anthu ambiri phazi lina limakulirapo. Pakati pa cala cacitali ndi nsonga ya nsapato patsale malo okwana cala canu cacikulu ca kudzanja mocipingasa. Akamange zingwe nayende: cidendene cisamabvuke, ndipo m'mbali musamapane. Musakhulupirire mau akuti idzatanuka yokha. Isanatanuke, mwana adzakhala atatuluka matuza.

Makolo ambiri amagula nsapato yaikulu ndi masaizi awiri kapena atatu, nalongamo nsanza kutsogolo kuti mwana akuliremo. Kumeneku ndi kutaya ndalama. Nsapato yokhwepa imakhwekhwerezeka pansi, imapindika pamalo olakwika, ndipo imatha mwana asanaikwane. Saizi imodzi isiyana ndi inzake ndi mamilimita 8 ndi theka cabe, ndipo phazi la mwana wa ku pulaimale limakula pafupifupi saizi imodzi pa caka. Kumbukiraninso kuti masaizi a ana amalekeza pa 13, kenaka amayambanso pa 1.

Nanga ngati ndalama ya ulendo siikwana anthu awiri? Imitsani mwana pa katoni, lembani mozungulira mapazi onse awiri, dulani cithunzi ca phazi lalikulupo ndi kupita naco. Cilowetseni m'nsapato: cikapindika m'mbali kapena kunsonga, nsapatoyo yacepa. Kamtengo kamene ambiri amathyola kamangoonetsa kutalika, osati kufufuma kwa phazi.

Kulimba kwa nsapato nako kumaoneka ndi manja. Ipindike pamene zala zimapindikira, osati pakati. Kumbuyo kwake kukhale kolimba mukakutsina. Yosokedwa ndi ulusi kuzungulira pansi imaposa yongomata, ndipo wosoka nsapato wa pamsika akhoza kuikonza. Ngati mwagula yomata, ipititseni kwa iye aisoke isanayambe ulendo wa ku sukulu.

Lamulo nalo liri kumbali yanu. Lamulo loteteza ogula la m'caka ca 2010, limene amaliyang'anira a Competition and Consumer Protection Commission, limaletsa eni masitolo kupacika zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo katundu wopezeka ndi cirema ayenera kusinthidwa kapena ndalama kubwezedwa. Koma kucepa kwa nsapato si cirema ca nsapatoyo. Cotero pangananani ndi wogulitsa za kusintha saizi musanalipire, sungani lisiti, ndipo mwana ayesere m'nyumba pa mphasa kuti pansi pake pasade.

Alimi ambiri amagwira ndalama akagulitsa cimanga, nshawa, soya kapena thonje m'miyezi ya cirimwe, sukulu ikali kutali kutsegulira caka catsopano. Nzeru ndi kupatula ndalama ya nsapato nthawi yomweyo ndi kuisunga, koma kukagula mu Disembala, phazi litayesedwa kumene.

Mukagula, samalani. Nsapato yonyowa musaiwambe pamoto kapena kuiyanika pa dzuwa lamphamvu, cifukwa cikopa cimauma ndi kusweka, guluu namatuka. Cotsani matope, longanimo mapepala ouma, iumire pamthunzi popita mphepo, ndipo muipake polishi kawirikawiri. Pakutha pa cigawo ciriconse tsinani kunsonga muone ngati malo akalipo, pakuti ana ambiri amabisa kuwawa poopa kubvutitsa makolo. Kholo limene licita zimenezi lidzaona mwana wake akufika pa sukulu m'nthawi yake, kuyambira Januwale kufikira mayeso a kumapeto a caka.