Chuma Chimadyedwa Mumdima

Kale akatswiri a zachuma ankangowerengera migodi, mafakitale ndi misonkho. Masiku ano ena mwa iwo akufufuzanso za nkhondo, katangale ndi chikhulupiriro cha anthu. Zimene apeza n'zoyenera kuti tizimve, pakuti zikukhudza ngakhale mbale yathu ya chopereka.

Tiyambe ndi nkhondo. Mu 2002, Donald Davis ndi David Weinstein anasanthula mizinda ya ku Japan imene inaphwasulidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anapeza kuti ngakhale Hiroshima ndi Nagasaki, kumene kunagwa mabomba a atomiki mu 1945, inadzakulanso n'kupezanso malo ake akale pakati pa mizinda inzake. Akufa sanabwerere, koma nyumba ndi misika zinamangidwanso. Ifenso tinaona zotere mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Othawa nkhondo anabwerera ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo minda inalimidwanso.

Bomba limamveka likaphulika, koma katangale ali ngati chiswe: amadya mzati mwakachetechete. Mu 1995, Paolo Mauro anaonetsa kuti kumene ziphuphu zachuluka, anthu amaopa kuika ndalama zawo pa ntchito zachitukuko, motero chuma sichikula msanga. Dziko lathu linalawa ululu umenewu mu 2016, pamene zinaululika ngongole zobisika za madola pafupifupi mabiliyoni 2. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa mphamvu, ndipo mayi wosadziwa kanthu za ngongolezo anakaona mitengo itakwera pamsika.

Ena amati mbuzi imadya pamene yamangidwa, ngati kuti matendawa alibe mankhwala. Nkhani ya ku Uganda ikutsutsa zimenezo. Ritva Reinikka ndi Jakob Svensson anatsata ndalama zimene boma linkatumiza m'sukulu za pulayimale zogulira zipangizo. Pakati pa 1991 ndi 1995, pa ndalama 100 zilizonse, 13 zokha ndizo zinkafika. Zina zinkathera m'maofesi a m'njira. Kenaka boma linayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza, ndipo sukulu zinauzidwa kukhoma ziwerengerozo poonekera. Pofika 2001, zoposa 80 zinkafika. Chinasintha n'chiyani? Aphunzitsi ndi makolo anali atadziwa, ndipo wodziwa amafunsa.

Nanga chipembedzo? Mu 2003, Robert Barro ndi Rachel McCleary a ku Harvard anayerekezera mayiko ambiri. Anapeza kuti chuma chimakula bwino kumene anthu amakhulupirira kuti kuli kumwamba ndi gehena, koma kuchuluka kwa olowa m'tchalitchi pakokha sikuthandiza. Iwo anaganiza kuti chikhulupiriro chotere chimabala kuona mtima ndi khama pa ntchito. Sitipembedza Mulungu kuti tilemere ayi. Koma mawu amenewa ayenera kutilasa. Mabenchi angadzaze Lamulungu, pamene Lolemba Mkhristu yemweyo akulandira ya fanta kuti asaine kalata.

Mtumwi Paulo ankadziwa mtima wa munthu. Pa 2 Akorinto 8:18-21 tikuona kuti sanafune kunyamula yekha chopereka cha ku Yerusalemu. Anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunenera. Ngati Paulo anafuna mboni, kuli bwanji ife?

Choncho, okondedwa, tisanaloze boma chala, tiyambe m'nyumba mwathu. Chopereka chiziwerengedwa ndi anthu osachepera awiri, n'kulembedwa tsiku lomwelo. Msungichuma aziwerenga lipoti pamaso pa mpingo, ndipo pepala lake lizikhomedwa pakhomo la tchalitchi. Ndalama za chimango, za chigwirizano cha amayi ndi za achinyamata zonse zikhale ndi malisiti. Mkhristu wofunsa za ndalama asatchedwe woukira, pakuti funso lake likuteteza mbusa ndi akulu a mpingo omwe. Mayi wamasiye amene wagulitsa chitini cha chimanga kuti apereke ali ndi ufulu wodziwa kumene ndalama yake yapita.

Ambuye atithandize kuyenda m'kuunika.