Mabuku a Achinyamata Aziyenda, Asamagone M'kabati

Atsogoleri anzanga a makalasi ophunzitsa kuwerenga, pali funso limene ndimalimva kulikonse m'mbali mwa nyanja yathu ino, kuyambira ku Meluluca mpaka ku Cobué: "Abusa, anawa tawaphunzitsa kuwerenga, tsono awerenga chiyani?" Funsoli ndi lalikulu ndithu. Mnyamata kapena mtsikana amene wadziwa zilembo chaka chino, akakhala miyezi yambiri osagwira buku, amaiwala, ndipo thukuta lanu lonse limapita pachabe.

Pa mpingo wina umene ndinatumikirapo tinalandira katoni ya mabuku. Poopa kuti ana awang'amba, tinawatsekera m'kabati, kiyi n'kukhala ndi munthu mmodzi. Titatsegula dzinja litatha, tinapeza chiswe chitadya pafupifupi theka. Nthawi yomweyo mudzi woyandikana nafe unalibe ngakhale buku limodzi. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti vuto lathu si kuchepa kwa mabuku kokha, komanso kusowa kwa dongosolo lowayendetsera.

Dongosolo lotere si lachilendo kuno. M'chaka cha 1885 amishoni a UMCA anaika panyanja sitima yotchedwa Charles Janson, ndipo William Percival Johnson ankayenda nayo mudzi ndi mudzi kuyendera aphunzitsi ndi sukulu zawo. Mabuku ankasindikizidwa ku Likoma, aphunzitsi ankasulidwa pa St Michael's College ku Cobué, ndipo Messumba inali likulu la ntchito kumtunda kuno. Mu 1901 kunabwera sitima yokulirapo, Chauncy Maples, imene inali ndi malo ophunziriramo m'kati mwake. Taonani nzeru yake: sukulu ya pamudzi sinali yokha. Inali ndi kumene inkalandirako zipangizo, inali ndi woiyendera, ndipo anthu ankadziwa kuti sitima ibweranso. Masiku ano sitima zija siziyendanso, koma nzeru ija tingathe kuigwiritsabe ntchito. Ntchito ya mabuku a achinyamata imaima pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndi pamudzi, ndipo ndi inuyo. Sipafunika nyumba yaikulu. Bokosi lachitsulo lotseka bwino, loikidwa pathandala kuti chinyontho ndi chiswe zisalifike, ndi kope lolembamo obwereka, basi nyumba ya mabuku yayamba. Sankhani achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, kuti azisunga kopelo. Nthawi yotsegula igwirizane ndi moyo wa pamudzi. Anyamata amene agona panyanja kupha usipa sangabwere m'mamawa, ndipo atsikana amapeza mpata madzulo ntchito zapakhomo zikachepa.

Fuwa lachiwiri ndi dera lonse la Lago. Apa ndi pamene mabokosi amasinthana. Tiyerekeze kuti makalasi anayi ali ndi mabuku 30 pa kalasi iliyonse. Aliyense akaumirira ake, mwana adzaona mabuku 30 omwewo mpaka kutopa nawo. Koma akamasinthana miyezi itatu iliyonse, mwana yemweyo adzaona mabuku 120 pa chaka, popanda kugula lina ngakhale limodzi. Kuti izi zitheke pafunika mndandanda umodzi wa mabuku onse, bokosi lililonse likhale ndi nambala yake, ndipo masiku osinthana adziwike chaka chisanayambe. Powasankha masikuwo kumbukirani mwera, umene umavutitsa maboti m'miyezi yozizira, komanso mvula imene imaononga misewu ya ku Maniamba ndi Lunho. Mipingo, misikiti ndi sukulu za boma zilowe m'ndandanda umodzi, pakuti mwana wowerenga ndi wa mudzi wonse.

Fuwa lachitatu ndi boma. Pali zinthu zimene mudzi sungathe paokha: kusindikiza mabuku atsopano, kuphunzitsa osunga mabuku, ndi kunyamula katundu kuchokera ku Lichinga, mtunda wa makilomita oposa 100 kufika ku Metangula. Khomo lathu lolowera ndi ofesi ya maphunziro ndi achinyamata ku Metangula, imene imatumiza nkhani ku Lichinga. Anzathu a ku Malawi anakhazikitsa National Library Service ndi lamulo la 1967, ndipo bungweli lakhala likutumiza mabuku ku timalaibulale ta kumidzi. Phunziro lake ndi lakuti thandizo la boma limayenda bwino pamene pansi pali anthu odziwika olilandira ndi kuliwerengera.

Tikapita ku ofesi tisamangopempha "mabuku". Tizinena chilankhulo, msinkhu wa owerenga ndi chiwerengero chawo. Tili ndi poimira. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo m'zaka za 2003 ndi 2004 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za pulaimale zosankhidwa. Tsono kupempha mabuku a Chinyanja, a Chiyao ndi a Chipwitikizi chosavuta si kupempha chachilendo ayi. Mabuku a Chichewa ochokera kutsidya nawonso amathandiza, bola muwauze ana kuti pamene kalembedwe ka Mozambique kali ndi "c", ka Malawi kali ndi "ch", koma liwu ndi lomwelo.

Wina adzati, "Nanga mabuku akasowa?" Zoona, ena adzasowa, ena adzanyowa m'boti. Koma buku long'ambika chifukwa chowerengedwa ndi ana makumi awiri lagwira ntchito yake, pamene lodyedwa ndi chiswe m'kabati silinathandize munthu. Chofunika ndi kulemba chilungamo m'kope, kuti wolandira bokosi adziwe chimene walandira.

Choncho, abale ndi alongo, tisanakumane pa msonkhano wotsatira chitani zinthu zitatu. Werengani mabuku onse amene ali pamalo panu, ngakhale akale, ndipo mulembe maina ake. Lembani chiwerengero cha achinyamata odziwa kuwerenga ndi chilankhulo chimene amawerenga. Kenaka kaonaneni ndi mtsogoleri wa kalasi ya mudzi woyandikana nanu, mugwirizane tsiku losinthana bokosi loyamba. Mapepala amenewo mubwere nawo, pakuti ndi amene tidzanyamule popita ku Metangula.