Zithunzi za pa Foni ndi Thanzi la Ana a Sukulu

Ana a sukulu ambili m'makomboni amakhala pa Facebook ndi TikTok mpaka pakati pa usiku. Kumeneko amaona anthu a khungu losalala ndi matupi oumbika bwino. Zambili mwa zithunzizi zimayamba zakonzedwa pa foni, koma mwana amadziyelekezela nazo ndi kuyamba kuipidwa ndi thupi lake. Mu 2021, zikalata za kampani ya Facebook zimene Frances Haugen anaulula zinaonetsa kuti Instagram inali kukulitsa vutoli mwa atsikana ena.

Mapeto ake thupi ndilo limavutika. Ena amagula mafuta oyeletsa khungu pamsika. Mafuta ena otele ali ndi mercury amene amaononga impso, ena ali ndi masteroid amene amapyapyalitsa khungu. Ofuna kunenepa amamwa mapilisi a Apetito, amene amabweletsa tulo ndi cizungulile m'kalasi. Ofuna kuonda amadzimana cakudya.

Makolo ayenela kukhala chelu ngati mwana akukana nsima, akukhalitsa pa galasi, akupewa anzake, akutsika m'kalasi kapena akukwiya akalandidwa foni. Wacinyamata afunika kugona maola 8 mpaka 10, conco usiku foni izisungidwa ndi makolo. Kumunyoza pa maonekedwe ake, ngakhale mwanthabwala, kumakulitsa vuto.

Mwana akalekelatu kudya kapena akachula zodzipha, apelekedwe ku kiliniki tsiku lomwelo. Angathenso kutuma foni kwaulele ku Childline pa nambala 116.