Zala zitatu za Katniss zikadali m'mwamba

Asilikali atalanda boma ku Thailand mu 2014, achinyamata anayamba kukweza zala zitatu m'misewu ya Bangkok. Chizindikirochi sanachitenge kwa wandale. Anachionera mufilimu ya The Hunger Games, yochokera m'buku lomwe Suzanne Collins anatulutsa mu 2008. Apolisi anagwira ena kaamba ka zalazo. Mu 2021 zinaonekanso ku Myanmar.

Komabe mpaka lero okonda mabuku sakumvana ngati nkhani zoterezi, zosimba za dziko lam'tsogolo lolamulidwa mwankhanza, zili ndi phindu kwa achinyamata.

Ozitsutsa sakulankhula zopanda mutu. Amati zambiri zimangofanana: mtsikana wa zaka 16, boma loipa, chikondi pakati pa nkhondo. Amaloza Divergent ya Veronica Roth ya mu 2011, momwe anthu a ku Chicago anagawidwa m'magulu asanu potengera khalidwe, n'kufunsa kuti ndi dziko liti lingayende motero. Mafilimu akenso anathera panjira. Filimu ya Allegiant itakanika kupeza ndalama zokwanira mu 2016, gawo lomaliza silinajambulidwe.

Koma nkhani ya Collins siyoyenera kuiponya mudengu lomwelo. M'dziko lake la Panem, chaka chilichonse boma limatenga ana 24 m'zigawo 12 kuti akaphane anthu akuonera pa kanema. Amasankhidwa mwamaere, koma maerewo ndi okondera. Mwana wa m'banja losauka amaloledwa kulandira tirigu ndi mafuta pang'ono, malinga avomere kuti dzina lake lilowe m'maere kangapo. Yemwe kwawo kuli chakudya safunika kutero. Mwininkhani Katniss Everdeen, mwana wa malemu wogwira ntchito mumgodi wa malasha, amadziwa kuti tirigu amene akudyetsa mng'ono wake Prim akumuyandikizitsa iye ku imfa. Wachinyamata akawerenga apa amaona momwe olamulira amagwiritsira ntchito njala poweta anthu, ndipo ine ndikuti limeneli si phunziro laling'ono.

Collins ananena kuti ganizo la nkhaniyi linamufikira akusinthasintha matchanelo, kwina kukuoneka mpikisano wa pa kanema, kwina nkhondo ya ku Iraq.

Ambiri otsanzira anatenga chikondi ndi ndewu, njalayo n'kuisiya, ndipo aiwalika. Collins akuwerengedwabe. Mu 2025 anatulutsa Sunrise on the Reaping, buku lachisanu la nkhani ya Panem.