Magazi Amatiuza za Chiwindi

Chiwindi chili m'mimba, kudzanja lamanja, pansi pa nthiti. Chimasefa magazi, chimapanga ndulu ndiponso chimasunga chakudya cha thupi. Popanda chiwindi munthu sangakhale ndi moyo.

Tikadzitema ndi khasu kumunda, bala limapola, koma pamatsala chipsera. Khungu la pachipsera ndi louma. Chiwindinso chikavulazidwa zaka zambiri chimachita zipsera. Zipserazo zikachuluka, chiwindi chimauma ndipo chimalephera ntchito.

Adani a chiwindi

Mdani wamkulu ndi kachilombo ka hepatitis B. Mwana angakatenge kwa mayi wake pobadwa. Kamafalanso pogonana ndiponso pobwerekana malezala ometera kapena otemera mphini. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, OMS, linawerenga kuti m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachilomboka. Adani ena ndi kachilombo ka hepatitis C, mowa wambiri monga kachasu, mafuta ochuluka m'chiwindi, ndi likodzo la m'matumbo limene timatenga m'madzi okhala ndi nkhono.

Matendawa amayenda ngati chiswe. Chiswe chimadya mzati m'kati, kunja kukuoneka bwino. Munthu amalima, amadya, amaseka, chiwindi chikutha. Pamene mimba yadzaza madzi, maso achita chikasu, kapena wayamba kusanza magazi, ndiye kuti matenda afika patali.

Nanga tingadziwe bwanji nthawi isanathe?

Njira yakale ndi kubaya chiwindi ndi singano yaitali, n'kutapako kachidutswa kokapima. Njirayi imapweteka, ingataye magazi, ndipo imafuna dokotala wodziwa. Palinso makina oyesa kuuma kwa chiwindi, koma ndi odula ndipo sapezeka m'zipatala zambiri zakumidzi. Njira yapafupi ndi kuyeza magazi a pamkono. M'magazimo muli zizindikiro.

Chizindikiro choyamba ndi zinthu ziwiri zotchedwa AST ndi ALT. Malo ake ndi m'kati mwa chiwindi. Chiwindi chikavulala, zimatayikira m'magazi, monga chimanga chimatayikira pansi nkhokwe ikabooka. Zikapezeka zambiri m'magazi, tidziwe kuti chiwindi chikuvulala.

Chizindikiro chachiwiri ndi mapulateleti. Ndi tizigawo ta magazi timene timatseka bala kuti magazi aleke kutuluka. Chiwindi chikauma, magazi amavutika kudutsamo, nabwerera ku kapamba. Kapamba amatupa n'kusunga mapulateleti ambiri. Choncho m'magazi amachepa. Pa pepala la ku labotale, munthu wabwino amapezeka ndi nambala yoyambira 150 kufika 450.

Tiwerengere pamodzi

M'chaka cha 2003 madokotala a ku America anaphatikiza AST ndi mapulateleti m'samu imodzi yotchedwa APRI. Samuyi ifenso tingaithe.

Tinene kuti malire a AST ya munthu wabwino ndi 40, koma wodwala wapezeka ndi 80. Tikagawa 80 ndi 40 tipeza 2. Mapulateleti ake ndi 100. Tigawe 2 ndi 100, kenaka tichulukitse ndi 100. Yankho ndi 2. Iyi ndi APRI yake.

Malangizo a OMS a chaka cha 2024 amati munthu wamkulu wa hepatitis B amene APRI yake yapitirira 0.5, ndiye kuti theka, ayambe mankhwala. Ikapitirira 1, chiwindi chake achione ngati chauma kale. Wodwala wathu uja ali pa 2. Asachedwe.

Pali samu inanso, FIB-4, ya chaka cha 2006. Iyo imawonjezerapo ALT ndi zaka za wodwala.

Nambala si dokotala

Samuzi zimangolozera. Malungo amachepetsa mapulateleti ngakhale chiwindi chilibe zipsera. Munthu akangomwa mowa wambiri, AST imakwera. Nthawi zina nambala imatuluka yotsika pamene zipsera zilipo ndithu. Ndiponso samuzi anazikonzera odwala hepatitis, sanazikonzere odwala likodzo.

N'chifukwa chake wazaumoyo amatifunsa mafunso, amatigwira pamimba, ndipo amatiuza tsiku lobwererako kukayezanso. Ife timuuze zoona. Ngati timamwa mowa, tinene. Ngati tadwala malungo posachedwa, tinene. Ngati tikumwa mankhwala azitsamba, tinenenso. Pepala la zotsatira tilisunge bwino, pakuti nambala ya chaka chino amaiyerekeza ndi ya chaka chatha.

Tikadziwa msanga, thandizo lilipo

Hepatitis B ili ndi mankhwala otchedwa tenofovir. Sachotseratu kachilombo, koma amakafooketsa, ndipo kwa anthu ambiri amene amamwa tsiku lililonse zipsera zimachepa. Hepatitis C imachizika ndi mapiritsi a masabata 12. Likodzo limachizika ndi praziquantel. Kusiya mowa kumapumitsa chiwindi. Ana athu tiwabayitse katemera yense wa kusikelo, chifukwa pa katemerayo pali wa hepatitis B.

Anzathu, ngati m'banja mwathu wina anadwalapo chiwindi, kapena tamwa mowa zaka zambiri, tisadikire kuti mimba itupe. Tipite kuchipatala, tikafunse za kuyeza magazi.

Mawu oti tilembe: chiwindi, chipsera, magazi, kapamba, katemera.

Tikambirane

1. Tchulani adani atatu a chiwindi.
2. N'chifukwa chiyani mapulateleti amachepa chiwindi chikauma?
3. AST ya mayi wina ndi 40, malire ake ndi 40, mapulateleti ndi 200. APRI yake ndi zingati?
4. M'mudzi mwathu, ndani ayenera kukayezetsa msanga?